Mthenga wa Lyuben akadali m'njira

A Parvan Gechev anagwira ntchito yotumiza mauthenga pa siteshoni ya sitima yapamtunda mumzinda wa Ruse zaka makumi atatu, ndipo anapumako ndi chikhulupiriro chimodzi: mawu safika pa nthawi yake. Choncho posewera nkhondo ndi mnzawo Lyuben Loweruka lililonse, tiasilikali tamtovu titandandalikidwa pa tebulo, anaikapo lamulo lawolawo. Mkulu wa asilikali asamangotambasula dzanja n'kusuntha gulu ayi. Azilemba zofuna zake pa kapepala, n'kutsekera m'bokosi la machesi, kadikire mpaka aliyense atasewera maulendo awiri. Kenako mdani wake aponye dayisi. Ikagwa pa wani ndiye kuti mthenga wasochera, adikirenso.

Lyuben ankati umenewu ndi ulesi wa ku njanji wolowa m'masewera, ndipo ankawatcha Bwana Mawa. Koma kujomba sanajombepo.

Loweruka lina m'Malichi, Lyuben analemba kapepala akumwetulira, natseka bokosi, n'kuwauza kuti mthenga ameneyu akadzafika adzalira ndi a Parvan. Lachitatu lake mtima wa Lyuben unaima ali pa mzere wogula buledi.

Tebulo linakhala chomwecho chilimwe chonse. A Parvan ankasasa fumbi pa asilikali apakavalo a mnzawo ndi kaburashi, osasuntha ndi mmodzi yemwe. Ankamusowa Lyuben kwambiri, makamaka chipongwe chakecho. Bokosilo ankangoliyang'ana. Munali mawu okhawo a mnzawo amene anali asanawamve, ndipo ankadziwa kuti akangowerenga, sikudzabweranso ena.

M'Seputembala akazi awo, a Nedyalka, anafuna tebulolo kuti asenderepo tsabola wootcha wa m'mabotolo. Kupirira anali atapirira ndithu. Anaima pakhomo, beseni lili m'manja.

"Bambo, ponyani kanthu kanuko tione. Maulendo awiri aja anakwana kalekale."

A Parvan anaponya. Dayisi inagubuduka, n'kukatsamira pa kamlatho ka katoni, faifi ili pamwamba. A Parvan, munthu amene sanabere mnzake pamasewera moyo wake wonse, anaiphimba ndi chikhatho.

"Yagwa pa chiyani?" anafunsa a Nedyalka.

"Wani. Mthenga wasochera."

A Nedyalka anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali ndithu.

"A ku njanji inu," anatero motsitsa mawu, n'kutuluka kukasendera pakhonde.