Kamera yanga munaisiya chotsegula, achimwene

Achimwene, lero pofuna bulangeti m'sutikesi ndapeza kakamera kanga kafilimu kaja, ndipo mtima wandiwawanso ngati dzulo. Mukukumbukira? Zinali zaka za m'ma 90, titabwerako kumwambo wa Ncwala ku Mtenguleni. Fumbi linalowa m'kati, kopukusira filimu kanakana kuyenda, galasi nalo linachita nkhungu. Munakatsegula pakhonde panu ku Chipata, timasikuluwu mukuika m'kambale ka tiyi. Nditafuna kupukuta galasilo ndi chitenje munandimenya padzanja. "Iwe, fumbi timayamba tauzira! Ukapukuta, wakanda." Kenako munalisisita pang'onopang'ono ndi thonje lonyowetsa sipiriti. Ndinati mukatseka ndikujambuleni. Inu munati, "Mawa, mlongo wanga. Ndiyambe ndathana ndi makamera a eni ake."

Mawa lanulo munagonekedwa m'chipatala, ndipo simunabwerekonso. Pamaliro mbale zinachepa, azimayi ophika anatenga kambale kaja, timasikuluwu nkutaya kudzala poyesa ndi zinyalala. Zida zanu abale anagawana, zina zinapita ku Kasenengwa kukamangira njinga. Ndazungulira tauni yonse ndi kakameraka, anyamata okonza mafoni amangokatembenuza nkuseka. Mumandikwiyitsa, achimwene! Munakonzera anthu onse makamera, zithunzi za maukwati ndi maubatizo awo zili pakhoma, koma inu chithunzi chanu palibe ndi chimodzi chomwe. Ana anga akafunsa kuti amalume ankaoneka bwanji, ndimawaonetsa galasi lija. Mpaka lero ndi loyera mbee, lilibe pokandika ndi pamodzi pomwe.