Vinyo wa Miyala

Mnzanga wa kuntchito, namwino wamwamuna wochokera kumapiri ozizira a ku Italy, anabwera kunyumba kwathu ku Barking, dera limene timakhala kuno kunja, Lamulungu lina atafukata botolo la vinyo ngati khanda. Asanakhale pansi n'komwe, anayamba kulalikira. Akuti kwawoko alimi onse a m'chigwa amatutira mphesa zawo pamalo amodzi n'kumafululira limodzi, kuyambira nthawi ya agogo ake. Minda yake ndi yotsetsereka moti ukaterereka amakakutola kumtsinje. Kenako anatsinzina nati, "Mukalawa modekha, mumva miyala ya m'phiri lathu."

Alamu anga, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi, anamumvera chisoni. Kwathu ku Malawi munthu akakuuza kuti mumpunga muli miyala ndiye kuti akupepesa, ndipo munthu woleredwa bwino amamuthandiza kubisa manyaziwo.

Ine ndinali kukhitchini ndikutembenuza nkhuku pamene ndinamva kuti tsiii, botolo la chakumwa cha malalanje chodzaza shuga likutsekulidwa. Ndinathamanga chipande chili m'manja, koma ndinapeza alamu atathira kale chakumwacho muvinyo, osati mutambula yawo yokha ayi, ndi ya mwini vinyo yomwe.

Mnzanga uja anangoti kukamwa yasa, akuyang'ana thukuta la agogo ake likuchita thovu.

Alamu anagugudiza theka la tambula, n'kumusisita paphewa.

"Musadandaule achimwene, miyala ija siikumvekanso. Koma mukapita kwanu mukawauze azitsuka kaye mphesazo asanafinye."