Chaka Chimene Amalume Anati Apulumutsidwa

Kumbuyo kwa njinga ya amalume kunali kachitsulo kodulidwa ku chitini cha mafuta ophikira, komangidwa ndi waya pansi pa kaliyala. Anakapaka penti yoyera, n'kulembapo ndi yofiira kuti YESU ANANDIPULUMUTSA. Malo anawathera, ndiye zilembo zomalizira zinapanikizana ngati anthu a m'minibasi ya ku Limbe. Ndimakakumbuka bwino chifukwa chaka chimenecho, nyengo yokolola nandolo, ndinkakhala pamwamba pake m'mawa, chidendene changa chikukagunda tikalowa m'maenje.

Ndinali kamtsikana ka ku pulayimale. Ndinapsa mwendo ndi madzi otentha ndipo chilondacho chinakana kupola. Kuchipatala cha ku Mbulumbuzi anati ndizipita kukatsukitsa, koma kuchokera kwathu unali mtunda woti sindikanatha kuyenda. Bambo anali atamwalira kale. Mwamwayi amalume, mlongo wawo wa amayi, anali atangobwerera kumudzi kuchokera ku Limbe, kumene anakhala zaka zambiri akusenza katundu pamsika, zomwe apezazo n'kumwera kachasu. Anabwera ndi njingayo, shati imodzi yooneka bwino, ndi nkhani imodzi yomwe ankauza aliyense.

Ankauzadi aliyense. Amayi otunga madzi pamjigo, anyamata ogula nandolo okhala ndi masikelo m'mbali mwa msewu, ngakhale mdala wina wachisilamu amene ankagulitsa zitumbuwa pageti la chipatala. "Ine ndinapulumutsidwa," ankatero, dzanja lili pachifuwa. Mdalayo ankangogwedeza mutu n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu, kenako n'kundiponyera chitumbuwa chotentha m'manja.

Amayi zimenezi zinkawanyansa. Iwo anali Akatolika enieni, oyimba kwaya kumishoni, ndipo pakhomo pathu za Mulungu sitinkazilengeza pamsewu. "Achimwene, kumeneko n'kudzikuza," ankatero akupeta nandolo, makoko akuwulukira kumapazi a amalume. "Mwapulumuka nokha? Ndiye kuti tonsefe tatayika? Za mawa la munthu akudziwa ndi Mwini wake." Amalume ankayankha kuti kukhala chete kukanakhala kubisa zimene Yesu anawachitira. Mkanganowo sunkatha, unkangopuma.

Lero ndikamaganiza ndimaona kuti amayi sankanama kwenikweni. Masiku ena amalume ankalankhula ngati malo awo kumwamba anakawaona kale. Pamaliro a mnzawo wina amene ankamwa naye, anaima n'kunena kuti malemuyo akanawamvera sibwenzi atapita chonchi. Ndinaona mkazi wa malemuyo akutembenuzira nkhope kukhoma. Ngakhale ndinali mwana, ndinachita manyazi.

Koma anali munthu yemweyo amene ankandinyamula kuchokera panjinga mpaka pabenchi. Chipinda chotsukira zilonda chinkanunkha mankhwala olowa mpaka kukhosi. Bandeji inkamatirira pachilonda, ndipo anamwino akayamba kuimatula ndinkaona mdima. Pamenepo amalume ankagwada, n'kundipatsa chala chawo chokhakhala kuti ndichifinye, n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kumpingo kwawo ndi mawu oipa kwambiri moti anamwino ankaseka, ine n'kuseka nawo misozi ili m'masaya.

Loweruka lina ndinafunsa aphunzitsi athu, amene ankatiphunzitsanso katekisimu, ngati ndi tchimo munthu kunena kuti anapulumutsidwa. Anapukuta choko m'manja kwa nthawi ndithu. "Akamalankhula, uzimvetsera dzina limene likumveka kwambiri," anatero, "lawo kapena la amene anawapulumutsayo." Ndinayamba kumvetsera, koma ndinangosokonezeka, chifukwa tsiku lina linkamveka ili, tsiku lina linalo.

Kenako linafika tsiku lija. Kunali kotentha, nyenje zikulira m'mitengo ngati zikufuna kung'ambika. Nditatsukitsa, amalume anandikhazika pabenchi yapanja n'kunena kuti akukaonetsa tayala pamsika, abwera pompano. Mthunzi unachoka pabenchipo. Odwala anatha mmodzimmodzi. Ntchentche zinayamba kuzungulira bandeji. Mdala wa zitumbuwa anandibweretsera madzi m'kapu, akuyang'anayang'ana kumsewu. Amene anandipeza ndi aphunzitsi aja akuweruka, ndipo ndi iwo anandikweza panjinga yawo kukanditula kwathu.

Amalume anafika dzuwa litapendeka, akukankha njinga mokhotakhota, shati yabwino ija ili fumbi lokhalokha. Kumbuyo kwawo kunali gulu la ana likuimba m'manja: "Wopulumuka! Wopulumuka!" Fungo la kachasu linafika pakhonde iwo asanafike. Ine ndinadikira kuti amayi alankhule, popeza tsiku lawo linali litakwana. Koma anangothamangitsa anawo ndi tsache, n'kugwira mlongo wawo padzanja, kumulowetsa m'nyumba, n'kumuikira chidebe pambali pa mphasa.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi phokoso la chitsulo chikupalidwa. Amalume anali atagwada kumbuyo kwa njinga ndi mpeni, penti yofiira ikugwera pansi. Amayi anatuluka n'kuima pamwamba pawo.

"Mukuchita chiyani, achimwene?"

"Munkanena zoona, chemwali. Kunali kudzitama chabe. Ndasiya mwana wodwala padzuwa."

"Munamusiyadi, ndipo zimenezo sindiziiwala msanga," anatero amayi. "Koma pamenepo munalemba kuti anakupulumutsani ndani? Mukanalemba kuti munadzipulumutsa nokha, mpeniwo ndikanakunolerani ndine. Dzulo mwagwa ndinu. Amene munamulembayo sanagwe." Anawalanda mpeniwo n'kuubisa m'chitenje. "Sambani kumaso. Mwana akufunika kupita kuchipatala."

Tinapita. Sindidzaiwala ulendo umenewo. Pamjigo amayi ena anasiya kupopa n'kumanong'onezana, anyamata a masikelo anaimba mluzu. Msana wa amalume unali wonyowa ndi thukuta, ndipo ndinkamva akupuma movutikira ngakhale potsetsereka. Sanazembe njira. Anapereka moni kwa aliyense. Titafika pageti, anatsika n'kuvula chipewa pamaso pa mdala uja, kumuthokoza chifukwa cha madzi amene anandipatsa. "Dzulo ndinagwa, bambo," anatero. "Koma Iye sananditaye."

Kuyambira pamenepo ndi mmene ankainenera nkhani yawo. Sanasiye kuuza anthu kuti anapulumutsidwa, koma tsopano ankayambira pa kugwa kwawo, ndipo dzanja lija silinkapitanso pachifuwa. Tsiku lina ndinawaona akukonza denga la mkazi wamasiye uja, ndipo mpaka anatsika osalalikira. Mwendo wanga unapola mvula yoyamba isanagwe. Chipsera chilipo mpaka lero, ndipo ndimayenda bwinobwino chifukwa cha munthu amene anandinyamula nyengo yonseyo, kupatula tsiku limodzi. Amayi anakhalabe Akatolika, amalume anakhalabe kumpingo kwawo, ndipo ankakanganabe, koma mkangano wake unali woti wina akhoza kupempha mchere pakati pake. Amalume sindinawaonenso ataledzera.

Anthu akandifunsa lero ngati kunena kuti unapulumutsidwa n'kudzikuza, ndimayankha kuti ndinaona mawu omwewo akutuluka pakamwa pamodzi, tsiku lina akubaya munthu, tsiku lina akudzutsa munthu. Ndimathokoza kuti ndinaziona zonse ziwiri ndili wamng'ono.

Chimene sindinamvetse ndi cha masana a tsiku limene amayi analanda mpeni. Titabwerako kuchipatala amayiwo ndinawasowa pakhomo, ndipo ndinatsimphina mpaka kumunda. Ndinawapeza atakhala pansi pakati pa mitengo ya nandolo youma, chitenje chili kumaso, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulirira mwendo wanga, ndiye ndinawauza kuti lero sunapweteke kwambiri. Anaseka, n'kundikokera pamiyendo pawo.

Ndinali nditakula, ndili ndi ana anga, pamene amayi anandiuza kuti kuyambira ali mtsikana ndi iwo amene ankakatola mlongo wawoyo m'ngalande, ndipo amalumewo anawalonjeza kusiya mowa kambirimbiri. Ndiye nthawi iliyonse amalume akati apulumutsidwa, mtima wa amayi unkayamba kukhulupirira, ndipo zimenezo zinkawaopsa kuposa kachasu. Ine ndinkaona ngati amayi ankadana ndi mawu amenewo. Sindikanadziwa pa msinkhu umenewo kuti m'mudzi monse panalibe munthu amene ankafunitsitsa kuti akhale oona kuposa iwo.