Mphunzitsi sankamudziwa n'komwe

Mwana wa achimwene anga anafika ku Durban chaka chimene ndinagula makina achiwiri osokera. Anabwera kudzaphunzira za magetsi pa koleji ina m'tauni. Ndinamupezera pogona m'fulati yathu ku Berea, momwe tinkakhalamo anthu asanu, tonse akumudzi, bafa limodzi.

Miyezi iwiri yoyambirira ankadzuka ine ndisanadzuke. Kenako zinayamba zifukwa. Lero mutu, mawa mvula, mkuja matekisi ali pa sitalaka. Ndikabwera masana kudzatenga nsalu ndinkamupeza ali chagada pampando, foni pachifuwa, nsapato zake zoyera zili pawindo kuti ziume. Nsapatozo ankazitsuka ndi mswachi tsiku ndi tsiku. Mabuku okha fumbi linali mbuu.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, anali atalephera maphunziro atatu mwa anayi.

"Azakhali, inu simukudziwa," anatero atazyolika. "Mphunzitsi uja amadana ndi alendo. Akangomva kalankhulidwe kanga, basi. Eish, amandiyang'ana ngati chinyalala."

Apa m'pamene anandipezerera. Chipwirikiti chothamangitsa alendo cha 2008 ndinachiona ndi maso anga, ndinakhala masiku osatuluka m'nyumba, ndipo foni yakumudzi ikalira ndili mu tekisi sindinkayankha, kuopa kuti angamve chilankhulo changa. Ndiye sindinafunse zambiri. M'mawa mwake sindinatsegule shopu. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi n'kumuuza kuti tiye kukoleji. Anayesa kukana, akuti zinthu zingoipiraipira. Ndinati tiye.

Njira yonse ndinkakonza Chingerezi changa m'mutu. Titalowa pageti, mnyamatayo sankadziwa kuti ofesi ya mphunzitsi wakeyo ili mbali iti. Tinachita kufunsa mlonda.

Mphunzitsiyo anali bambo wachikulire, Mzulu, wa imvi m'mbali mwa mutu. Anandipatsa mpando n'kundimvetsera mpaka ndinamaliza. Ndinalankhula zambiri, zina zoti ndikazikumbukira ndimachita manyazi mpaka lero. Kenako anamuyang'anitsitsa mnyamatayo.

"Pepani mama," anatero, "kodi mnyamatayu ndi wa m'kalasi langa?"

Sankanyoza ayi. Sankamudziwadi. Anatulutsa kaundula n'kuyendetsa chala mpaka anapeza dzinalo. Kutsogolo kwake kunalibe chongi ngakhale chimodzi kuyambira mwezi wa Epulo. Chala chija chinatsika n'kuima pa dzina lina.

"Uyu ndi wakwanu komweko," anatero. "Loweruka ndi Lamlungu amagwira ntchito ya m'nyumba ku Durban North. Ndi wachiwiri m'kalasi lonse."

Ndinathokoza, ndinapepesa, tinatuluka. Sitinafike ndi pakona pomwe mnyamata uja anayamba.

"Azakhali, makaundula amenewa nthawi zina amalakwitsa."

Ndinaima pakati pa anthu n'kumuyankha m'Chichewa, mokweza, odutsa akucheuka. Ndinamuuza kuti alipo anzathu anathamangitsidwa m'nyumba zawo ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo iye watenga mavuto awo n'kuwasandutsa bulangete lofunda masana. Iye ankangoyang'ana uku ndi uku, nkhawa yake ili poti anzake angamuone akukalipiridwa ndi mayi wovala duku.

Nditawaimbira achimwene, ndinaona kumene mwanayo anatengera. Anati mwana ndi mwana, ine ndiye wamkulu, bwanji sindinkamudzutsa. Munthu wa ndevu, wometa Loweruka lililonse, ndizimudzutsa ine ndi makasitomala akudikira madiresi aukwati.

Anabwereza chaka. Ulendo uno ankapitako ndithu, mpaka nyengo yozizira itafika. Kenako anati zamagetsi si mphatso yake, mphatso yake ndi bizinesi, n'kukwera basi kubwerera kumudzi.

Pano ali ku Limbe, amagulitsa timatumba ta mafoni. Amauza anthu kuti sukulu ya ku Joni anamaliza, kungoti satifiketi anamumana chifukwa cha tsankho. Achimwene amakhulupirira zimenezo, ndipo amazifotokoza pamaliro ndi pazinkhoswe ine ndili pomwepo.