Chinaka Chimene Sichinafike pa Tebulo

Beseni lija ndi loyera, la mkombero wabuluu. Kunsi kwake amayi anadonthezako penti yofiira kuti lisamasokonekere ndi la ena pamaliro. Lero ndimasungiramo nsinjiro, ndipo ndikalitsuka n'kulivundikira, kadontho kaja kamandiyang'ana.

Ndinali mu giredi faivi, pasukulu ina kufupi ndi boma la Lundazi. Mphepo ya dzinja inali itasasula denga la kalasi yathu. Itafika nyengo yozizira, aphunzitsi anakonza madzulo a nyimbo ndi chakudya, kuti anthu adzagule mbale, malata apezeke. Nkhuni zophikira khamu kunalibe, choncho anati chakudya chikhale chozizira, kholo lililonse liphikiretu kwawo.

Amayi anali a ku Kasungu, ankasankha fodya pafamu ya eni ake. Azimayi a kusukulu ankangowatchula kuti "wa ku Malawi uja", ndipo pamisonkhano ankakhala kumbuyo kwenikweni. Ndiye tsiku lina aphunzitsi athu aakazi, ochokera ku Lusaka, anaimika njinga pakhomo pathu.

"Monire amama. Namvela kuti chinaka chanu chilibe chinzake. Mutipangileko."

Amayi anathokoza kuti "yewo" katatu konse.

Masiku awiri analawirira kudambo kukakumba timizu take, mame akuwaluma mapazi. Anatiyanika, anatisinja, anatcheza chidulo. Ndikukumbukira mthiko ukulemera m'dzanja mwawo, fungo la nsinjiro ndi tsabola, makala ofiira pamwamba pa chivundikiro. Chitazizira anachilasa ndi mpeni, mpeni unatuluka woyera. Anaseka okha.

Tsiku la nyimbo lija kufamu sanawalole kuweruka msanga. Anaika chinaka m'beseni lija, analikulunga m'chitenje, anandisenzetsa. "Upereke m'manja mwa aphunzitsi, ugwade."

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinasuzumira pawindo. Pamadesiki ophatikiza anayalapo nsalu yoyera, pamwamba pake masangweji odulidwa makona atatu, makeke, mazira owiritsa, zonse za akazi a anthu a m'maofesi. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, bambo ake ogwira ntchito kuchipatala, ananunkhiza mtolo wanga.

"Iwe, waleta vichani? Matope?"

Anangotero basi, n'kuthamangira anzake. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi anganyamule ndowa yodzaza kuchokera kuchitsime, koma mawu amodzi amenewo anandikanika. Ndinazungulira kuseri kwa kalasi yopanda denga ija, ndinakhuthula beseni pachulu. Chinaka chinagwa chathunthu, chozungulira, osasweka n'pang'ono pomwe. Mpaka lero ndimati chikanasweka, bwenzi zikundipepukirako.

Ndinatsuka beseni pamjigo, ndinadikira nyimbo ziwiri zithe, ndinabwerera kunyumba.

"Chatha chonse," ndinatero.

Amayi anatenga beseni, analitembenuza, analinunkhiza. Kwathu mbale ya munthu sibwerera yopanda kanthu.

"Sanaikemo ngakhale kamchere?"

"Anatanganidwa."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako analiika pathandala.

Loweruka lotsatira tinakumana ndi aphunzitsi aja pamsika, ali ndi azimayi ena awiri. "Amama, tinayembekeza. Nenze nauza alendo onse," anatero aphunzitsi. Mmodzi wa azimayiwo anapotoza mlomo, nati anthu obwera ndi choncho, kulonjeza n'kosavuta. Ine ndinagwira chitenje cha amayi, ndikudikira dzina langa.

"Pepani aphunzitsi," anatero amayi. "Sichinagwire bwino. Ndinachita manyazi kutumiza."

Malata anapezekabe, kalasi inafoleredwa. Amayi sanapemphedwenso kanthu kusukulu kuja mpaka ndinasiya, ndipo pamisonkhano anabwerera kumpando wawo wakumbuyo. Nkhani ija sanaitchulenso, ngakhale pamene ankandiphunzitsa kutcheza chidulo, ngakhale pamene ankadwala.

Pobwerera kumsika tsiku lija anandigulira nzimbe. Ndinkaisenda ndi mano, mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti ndapulumuka, amayi asokonezeka, aiwala kuti mpeni unatuluka woyera.