Madiresi Amene Sanali Anga

Ndinayamba ntchito yovala zovala za eni ndili namwali wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Nkhondo ya Ajeremani inali itatha, ndipo chimfine chimene chinabwera pambuyo pake chinali chitatitengera atate, amene ankaphunzitsa pasukulu ya mishoni m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mkaika. Tinatsala atatu, amayi, ine ndi mng'ono wanga, pamunda wa chimanga ndi nsawa umene sitinkatha kuumaliza kupalira.

Nthawi imeneyo ku Katete kunalibe tauni. Kunali sitolo ya zidina m'mbali mwa njira imene amuna ochokera kuntchito ku Halale, dziko lakutali kummwera, ankadzera pobwerera kwawo. Pakhonde pa sitoloyo pankakhala telala wina wa ku Nyasalande, amene anakhalitsa ku Halale n'kubwerako ndi makina osokera opukusa ndi dzanja. Ankasoka madiresi, koma sankayenda malonda. Akazi a kwathu anazolowera nsalu yomanga pachifuwa, ndipo diresi lopachika pamsomali linkangooneka ngati thumba lopanda kanthu. Amuna obwera ndi ndalama ankaligwira, n'kufunsa mtengo, kenako n'kugula nsalu wamba ya biliwita.

Tsiku lina ndinapita kusitoloko kukasinthanitsa nsawa ndi mchere. Telalayo anasiya kupukusa makina, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinali wamtali, wowongoka msana chifukwa cha mitsuko. Anaitana mkazi wake, amene anandilowetsa kuseri n'kundiveka diresi la maluwa ofiira, ndipo anandiuza kuti ndiyende kukafika pamkuyu wa patsogolo pa sitolo n'kubwerera. Ndinayenda. Ndisanabwerere pakhonde, bambo wina wobwera ku Halale amene anali atangotula bokosi lake la katundu anati akufuna lomwelo, akapatse mkazi wake.

Patapita masiku atatu telalayo anafika kwathu. Anatulutsa mapepala odulidwa m'buku la sitolo ya Azungu, momwe munali zithunzi zojambula za akazi ataimirira m'madiresi, wina atagwira chipewa, wina atapotoloza khosi. Anati ku Halale kuli akazi amene ntchito yawo ndi imeneyo basi: kuvala, kuyenda, kujambulidwa. Sagwira khasu, amagona pabedi, amalandira pamwezi. Anati anthu akakolola kawiri iye adzabwerera komweko kukatsegula malo akeake, ndipo atsikana amene adzakhale ataphunzira kuyenda bwino adzapita nawo.

Amalume anavomera msanga, chifukwa pakamwa pamodzi pankachoka pakhomo. Amayi sanatsutse pamaso pa mlendo. Pondimangira ufa m'kansalu ndi pamene anati, "Chobwereka sichithetsa usiwa, mwana wanga. Koma pita, ukaone wekha."

Kusitoloko ndinapezako mtsikana wina wa ku Sinda amene anayamba ntchitoyo mwezi umodzi ine ndisanafike. Anali wamfupi pang'ono, wa mphini ziwiri patsaya lililonse, woseka msanga. Tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, momwe ankasungiramo matumba a mchere ndi zikopa za mbuzi zimene mwini sitolo ankagula kwa anthu. Munalibe zenera. Fungo la zikopa linkatilowa m'tsitsi, moti m'mawa uliwonse tinkayamba tapita kudambo kukasamba tisanayandikire nsalu. Mphasa inali imodzi, chofunda chimodzi. Nthawi ya dzinja denga linkadontha, mchere unkasungunuka n'kuyenderera pansi, ndipo mapazi athu ankang'ambika ming'alu yowawa.

Malipiro anali masheleni awiri pamwezi, ndi tiki, ndiye kuti makobiri atatu, pa diresi lililonse logulidwa lili pathupi pako. Poyamba ndinaona ngati ndi chuma. Koma sopo anali wathu, mafuta odzola anali athu, mpango wa kumutu unali wathu. Telala sankafuna kuti tisinje kapena kulima, ankati manja a zikang'a amakoka ulusi, choncho chimanga chathu tinkachita kulipira mayi wina wa pafupi kuti atisinjire. Diresi likathimbirira ndi thukuta m'khwapa, mtengo wake unkatsika, ndipo chotsikacho ankachotsa kwa wovala. N'chifukwa chake sitinkakhala pansi, sitinkadya, ngakhale madzi tinkamwa titawerama kwambiri ngati nkhuku. Mwezi ukatha ndinkatsala ndi zokwanira kutumiza kwa amayi kachikho ka mchere, mwina ndi singano.

Nsapato zinali peyala imodzi, za nsalu yoyera, zimene tinkasinthana. Mnzangayo zinkamukwana. Ine zala zinkapindika m'kati, ndipo dzuwa likamapendeka ndinkamva ngati ndaponda makala.

Sindinganame kuti zonse zinali zowawa. Mkazi wa telala anali ndi kagalasi kosweka pakona, ndipo m'menemo ndi mmene ndinadzionera koyamba nkhope bwinobwino, osati m'madzi a pachitsime. Ndinkakonda mmene diresi latsopano linkazizirira pamsana m'mawa. Ndinaphunzira kutembenuka pang'onopang'ono kuti m'munsi mwake mutambasuke, ndipo anthu akati zii ndinkadziwa kuti ndakhoza. Koma wina akalozera n'kutulutsa ndalama, ndinkalowa kuseri, n'kuvula, n'kulipereka likadali lofunda. Ndinkavalanso kansalu kanga ka kumudzi n'kudikira lina. Zaka ziwiri ndinavala madiresi osawerengeka, ndipo palibe limene ndinagona nalo.

Chilimwe tinkayenda nawo malondawo. Telala ankatsogola ndi ndodo, ife mitolo pamutu, ulendo wa ku Sinda, ndipo kamodzi tinakafika mpaka ku Vubwi, masiku angapo wapansi. Tikayandikira mudzi tinkapatukira kumtsinje, n'kusamba, n'kudzola, n'kuvala, kenako n'kulowa m'mudzimo ngati alendo amene sanaponde fumbi. Ana ankatithamangira. Akazi a m'mudzimo ankaseka atagwira pakamwa, ena ankatigwira nsalu kuti amve kusalala kwake. Amuna ena nawo ankagwira, ndipo dzanja linkachedwa kuchoka. Telala ankayang'ana kumbali, poopa kuthawitsa wogula.

Mbiri inafika kwathu ine ndisanafike. Akulu a mpingo anandiitana, chifukwa ndinali m'kalasi yoyembekeza ubatizo. Anandifunsa ngati n'zoona kuti ndimadzionetsa kwa amuna panjira kuti andipatse ndalama. Ndinayankha kuti ndimaonetsa nsalu. Mkulu wina, amene anaphunzitsa limodzi ndi atate, ananena motsitsa mawu kuti nsaluyo siyenda yokha. Anandichotsa m'kalasi. Mphunzitsi wachinyamata amene anali atatumiza kale amalume ake kudzandifunsira anatumizanso amalume omwewo kudzanena kuti nkhani ija ithe. Ndinalira, koma mumtima ndinkati: musiyeni, ine ndikupita ku Halale.

Chaka chachiwiri matekenya a m'kachipinda muja anandilowa m'zala za kumapazi. Mnzanga ankanditumbula ndi munga, koma m'mawa ndinkavalanso nsapato zothina zija, ndipo mabala sankapola. Chala chimodzi chinatukusira mpaka chikhadabo chinagwa. Ndinayamba kutsimphina. Ndinkayesetsa kubisa, kuluma mano kuchokera pakhonde kukafika pamkuyu, koma telala anali ndi diso.

Anthu atakolola, anatiitana tonse awiri nati nthawi yakwana, koma ndalama za ulendo zingokwanira mtsikana mmodzi. Sanachite kuzungulira.

"Wotsimphina saonetsa diresi. Anthu amayang'ana mwendo. Iwe tsala upole, ndikakhazikika ndidzakutumizira mawu."

Ndinati, "Bambo, chala chimapola. Ndiyenda, mundione." Ndinaimirira n'kuyenda pamaso pake, ndipo pa sitepe yachitatu mwendo unagonja. Mkazi wake anangowerama.

Mnzanga anandisiyira chofunda chathu. Ananena kuti akangolandira mwezi woyamba adzanditumizira nsapato zondikwana. Ndinawaperekeza mpaka pamtsinje, mnzangayo atasenza makina okulungidwa m'chiguduli, ndipo ankatembenuka kawirikawiri kundikupizira dzanja mpaka analowa m'tchire.

Sindinabwerere kumudzi. Ndinkaopa kuti mawu angafike ine kulibe. Mwini sitolo anandilola kukhalabe m'kachipinda muja, bola ndizisesa, kutunga madzi ndi kutembenuza zikopa padzuwa. Dzinja lonse ndinakhala choncho, ndipo chala chinapola. Madzulo ndikamaliza ntchito ndinkayenda ndekha kuseri kwa sitolo, kutembenuka pang'onopang'ono nditavala kansalu kanga kong'ambika, kuti ndisaiwale. Aliyense wotula bokosi pakhonde ndinkamufunsa ngati anaonako telala wa ku Nyasalande ndi mtsikana wa mphini ziwiri. Ambiri ankapukusa mutu.

Amene anandiyankha anali bambo wachikulire wa ku Vubwi, amene anagwira ntchito yophika kwa Azungu zaka zambiri. Anati telalayo amamudziwa, akusoka makabudula a antchito pakhonde la munthu wina mukomboni, alibe malo akeake. Nditafunsa za ntchito yovala madiresi ndi kujambulidwa, anati:

"Mayi, zithunzi zimenezo zimachokera kutsidya kwa nyanja. Ndi akazi a Chizungu. Munthu wakuda m'masitolo amenewo salowa n'komwe, amagulira pazenera. Inu anakuuzani ndani?"

Ndinafunsa za mnzanga. Anati anamuonapo kamodzi akuthandiza mayi wina kufulula mowa mukomboni momwemo, atawonda. Atadutsanso miyezi ingapo pambuyo pake sanamupeze, ndipo amene anawafunsa ena ankati anapita ku migodi ndi mwamuna wina, ena ankati anadwala chifuwa. Bamboyo anagula mchere wake, nasenza bokosi, napita. Ine ndinakamaliza kutembenuza zikopa, chifukwa dzuwa linali lisanalowe ndipo ntchito inali isanathe.

Mpaka lero sindidziwa ngati telalayo ankatinamiza kapena iyenso ankakhulupirira mapepala ake aja. Nthawi zina ndimaganiza kuti ankakhulupirira. Zimenezo sizisintha kanthu.

Ndinabwerera kwathu ndi chofunda chimodzi. Ndinapeza theka la munda wathu litabwerera tchire, amayi atafooka, mng'ono wanga atakwatiwa msanga kuti pakhomo papezeke mwamuna wogwira nkhwangwa. Manja anga anali ataiwala khasu, ndipo mwezi woyamba anatuluka matuza mpaka magazi. Pachitsime akazi ankasiya kulankhula ndikafika. Anyamata sanabwere kudzandifunsira. Patapita zaka zinayi ndinakwatiwa ndi bambo wina wamasiye wa ana asanu, munthu wosalankhulalankhula, amene sanandifunsepo za kusitolo, ndipo inenso sindinamuuze. Ubatizo ndinaulandira ndili kale ndi imvi.

Chaka chimene ankalima msewu waukulu kudutsa kwathu, kunabwera mayi wina wokalamba, atayenda wapansi kuchokera ku Sinda. Anafunsira nyumba ndi nyumba mpaka anandipeza ndikusenda nsawa. Anali mayi wake wa mnzanga uja. Anakhala pamphasa, namwa madzi, nati anamva kuti ine ndi amene ndinagona naye chipinda chimodzi mwana wawo, ndiye mwina ndikudziwa kumene ali. Ndinawauza zimene ndinamva kwa bambo wa ku Vubwi, koma za chifuwa ndinasiya. Anandifunsa ngati ankadya bwino, ngati ankawatchula. Ndinati ankawatchula tsiku lililonse, ndipo zimenezo zinali zoona. Anagona kwathu masiku awiri, ndipo ndinawaperekeza kukafika pamsewu.

Chaka chotsatira anabweranso ndi mafunso omwewo, ndipo ndinalibe chowonjezera. Chaka chachitatu sanabwere.