Chitsime cha Amalume ndi Moto wa Pansi

Pawindo la kalasi yathu ku Kapata pankakhala mpira wadothi umene aphunzitsi anaumba okha n'kuudula pakati ndi chikwanje. Kunja anaumata katondo wopyapyala, ati ndilo khungu la dziko limene tikupondali. Pansi pa khungulo, ati, pali mwala wotentha umene umasuntha pang'onopang'ono ngati phala lolimba, kenaka chitsulo chosungunuka. Pakatikati anaikapo kachitsulo kobulungira ka njinga, n'kutiuza kuti kumeneko n'kotentha koopsa koma chitsulo chake n'cholimba, chifukwa dziko lonse lachipsinja.

Anzanga analoweza n'kuiwala. Ine ndinasowa mtendere, chifukwa chaka chachilala chimenecho amalume ankakumba chitsime kuseri kwa nyumba yathu ku Nabvutika.

Amalume anali atangobwera kuchokera ku migodi ya ku Kopala, ntchito itawathera. Anabwera ndi chipewa cholimba, nsapato zolemera ndi chifuwa chosamva mankhwala. Sankadziwa kukhala pampando. Mipope itauma, amayi atayamba kulawirira kudambo ndi zigubu, amalumewo anangotenga piki ndi fosholo, n'kujambula bwalo pansi ndi chidendene.

Ndinawafunsa ngati pansi pamatenthadi. Ndinkafuna andiseke, koma anayankha mosaseka kuti mumgodi ukamatsika mwala umafunda, thukuta limadzaza mu nsapato. "Aphunzitsi ako sananame, mphwanga." Mawu amenewo anandimaliza. Ndinaona kuti tsiku lina piki idzaboola khungu lija, ndipo moto udzayamba ndi amalume.

Tikaweruka kusukulu ndinkathamanga osadikira anzanga, fumbi la Okutobala likuwotcha mapazi. Amayi ankakoka ndowa, ine n'kupisa dzanja m'dothi lotulukalo kuti ndimve ngati layamba kufunda. Poyamba linali katondo, kenaka timiyala toyera tokanda zala, kenaka dongo lonunkha chinyezi. Likazizira ndinkapuma pang'ono, n'kuyambanso kuda nkhawa ndi ndowa yotsatira. Lero ndimadziseka. Kadzenje kameneko sikanakande n'komwe khungu la dziko, koma uzani mwana amene waona mpira wodulidwa pakati.

Asanatsike, amalume ankayamba atsitsa koloboyi woyaka pachingwe. Koloboyiyo akazima, ankakupiza m'dzenjemo ndi nthambi ya mango n'kudikira. Anali kuyesa mpweya, monga anazolowerera kumgodi. Ine ndinkati akutuma kamoto kakang'ono kukazonda kumene moto waukulu wafika.

Amayi nawo sankakhazikika, koma iwo sankakhudza dothi. Ankaima pamphepete, chingwe chili m'manja, khutu lili kudzenje. Piki ikaleka, kutsokomola kunkakwera kuchokera pansi, kouma, kotalika. "Achimwene, tulukani mupume," ankatero. Yankho linkangokhala piki.

Madzi anatuluka mitambo itayamba kusonkhana pamapiri. Ndowa inakwera ndi matope ozizira mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo ndinavina ngati wamisala. Anansi anabwera ndi zigubu. Amalume atatuluka, ali mbuu, ndinawauza monyada kuti moto tauzemba. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa. Anapukuta pakamwa ndi kansalu n'kukabisa msanga m'thumba, koma amayi anali ataona kale magazi.

Madzi a chitsimecho amalume sanawamwe nthawi yaitali. Tinawaika m'manda chimanga chisanakhwime. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa za fumbi la mwala limene limakhala m'mapapo a anthu a kumigodi. Zapansi zimene ndinkazilondera m'ndowa zinali zitawalowa kalekale.

Koma tsiku la madzilo ndinkangodziwa kuti tapambana. Ndinatunga kapu yoyamba n'kuthamangira nayo kwa amayi, n'kuwapeza kuseri kwa khitchini akulira. Ndinaima pamenepo kapu ili m'manja, ndikuwauza mobwerezabwereza kuti akhudze okha, madziwo ndi ozizira.